Magazi a Mwana Asamayende Ulendo Wautali

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Zomba kulowera ku Liwonde amadutsa m'dera limene liri ndi mwayi wosowa m'dziko muno. Pa Domasi pali koleji yosula aphunzitsi a sukulu za sekondale, ndiponso Malawi Institute of Education, kumene amakonza maphunziro a ana a dziko lonse. Akapitirira pang'ono, m'tsinde mwa phiri la Malosa, amapeza sukulu ya sekondale ya Malosa, chipatala cha St Luke's cha mpingo wa Anglican, ndi sukulu ya anamwino ndi azamba. Malo ophunzitsira ndi malo ochiritsira ayandikana ngati mafuwa a pa moto umodzi. Kotero pakabwera nzeru yatsopano yokhudza sukulu ndi chipatala pamodzi, anthu a m'chigwa cha Domasi ndiwo ayenera kuyamba kuisinkhasinkha.

Nzeru yoteroyo iripo. Akatswiri a maiko ambiri akuyesetsa kupanga zipangizo zing'onozing'ono zopima matenda pozindikira DNA ya kachirombo ndi mphamvu ya magetsi. Ambiri pomva zimenezi amati ndi nkhani ya ku Ulaya, yosakhudza mayi wobereka mwana kumbuyo amene akudikira pa khonde la chipatala. Koma mayi ameneyo ndiye mwini nkhani. Zipangizo zimenezi ziyenera kulandiridwa m'dziko muno, komatu zilandiridwe ndi anthu odziwa m'mene zimagwirira ntchito ndi pamene zimalepherera. Anthu oterowo adzachokera m'makalasi a aphunzitsi amene akuwerenga tsamba lino.

Kudikira kumene kumapha

Mayi amene ali ndi kachirombo ka HIV akabereka, mwana wake sangapimidwe ndi kapimidwe kachangu kamene kamagwira ntchito pa akulu. Kapimidwe kameneko kamafufuza asilikali a m'thupi olimbana ndi kachirombo, ndipo khanda limabadwa ndi asilikali a mayi wake, amene angakhale m'magazi mwake kufikira miyezi 18. Chimene chimafunika ndicho kufufuza kachirombo kenikeniko. Nchifukwa chake mwana akakwanitsa masabata 6 amamubaya pa chidendene, nadonthezera magazi pa kapepala, nakaumitsa, nakatumiza ku labotale yaikulu kumene kuli makina a DNA. Kapepalako kamayenda pa njinga yamoto, kamadikira anzake kuti akwane, ndipo yankho limabwerera njira yomweyo.

Kafukufuku amene anachitika m'zipatala za ku Malawi m'zaka za 2015 ndi 2016 anaonetsa kuti mwa njira imeneyi yankho limafika kwa mayi patapita pafupifupi miyezi iwiri, pamene makina oikidwa pa chipatala pomwepo ankapereka yankho tsiku lomwelo. Kusiyana kumeneku si kwa masewera. Theka la ana obadwa ndi kachirombo amamwalira asanakwanitse zaka ziwiri ngati salandira mankhwala, ndipo ambiri amamwalira m'miyezi yoyambirira. Vutoli linakula kotero kuti m'mwezi wa Malichi chaka cha 2016 bungwe la UNICEF pamodzi ndi boma anayesa kunyamula timapepala totere ndi tindege topanda woyendetsa ku Lilongwe. Kufulumiza ulendo nkwabwino, koma kuposa apo ndi kuuthetseratu ulendowo.

Si khanda lokha limene limadikira. Mwana wina wa ku Lilongwe anapuwala m'mwezi wa Novembala 2021, koma dziko linadziwa kuti ndi poliyo m'mwezi wa Febuluwale 2022, zoyesa zitapita ku South Africa ndi ku America, kumene anapeza kuti kachiromboko ndi ka mtundu wa ku Pakistan. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho kolera inabuka m'boma la Machinga, loyandikana ndi Malosa, ndipo pofika mu 2023 inali itapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Pa matenda opatsirana, tsiku lirilonse lodikira yankho ndi tsiku limene kachirombo kapatsidwa ulere kuti kayende.

Kalata ya zilembo zinayi

Chamoyo chirichonse, kaya ndi munthu, chimanga, chambo kapena kachirombo ka chifuwa chachikulu, chiri ndi malangizo a kapangidwe kake olembedwa m'kati mwake. Malangizowo ndiwo DNA. Friedrich Miescher anaitulukira mu 1869, ndipo mu 1953 James Watson ndi Francis Crick, mothandizidwa ndi zithunzi za Rosalind Franklin, anafotokoza maonekedwe ake. Iri ngati chingwe cha nkhosi ziwiri zopotana, ndipo pa nkhosi iriyonse pali mndandanda wa zilembo zinayi zokha: A, T, C ndi G. Munthu ali ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni, kachirombo ka chifuwa chachikulu kali ndi zoposa pang'ono 4 miliyoni. Tizirombo tina, monga ka poliyo, timasunga malangizo ake mu RNA, imene iri mbale wake wa DNA.

Lamulo limene lagwira nkhani yonseyi ndi lalifupi. A amagwirana ndi T yekha, C amagwirana ndi G yekha. Nkhosi ziwirizo zikalekanitsidwa ndi kutentha, iriyonse imafuna inzake yoyenerana nayo, ndipo siigwirana bwino ndi ina. Tsono munthu akadziwa kachigawo ka zilembo kopezeka mwa kachirombo kamodzi kokha, angathe kupanga kankhosi koyenerana nako, nakaika ngati nyambo. Mphunzitsi wa masamu angaonetse ana ake mphamvu ya nyambo imeneyi pa bolodi. Zilembo zinayi zingandandalikidwe m'malo 10 mwa njira 1,048,576. Malowo akakhala 20, njirazo zimapyola 1 thiriliyoni. Kotero nyambo ya zilembo 20 yosankhidwa mosamala siikola china chirichonse koma chimene anaitcherera.

Funso lotsala ndi lakuti, nyambo ikakola, munthu adziwa bwanji, popeza zonsezi nzosaoneka ngakhale ndi maikulosikopu wa pa chipatala? Makina ambiri a lero amayankha ndi kuwala. Amamata kanthu kowala pa nyambo, ndipo diso la makina limaona kuwalako. Umo ndi m'mene amagwirira ntchito makina a GeneXpert, amene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawavomereza m'mwezi wa Disembala 2010, ndipo amapeza chifuwa chachikulu m'makhololo pasanathe maola awiri. Koma diso la makina ndi lodula ndiponso losachedwa kuonongeka.

Kuyankha ndi magetsi

Njira ina ndiyo kufunsa magetsi. Aliyense amene anaona munthu wodwala matenda a shuga akudzibaya pa chala nadonthezera magazi pa kapepala kolowa m'kachipangizo ka m'thumba anaiona kale njirayi. Pa kapepalako pali timizere ta chitsulo ndi mankhwala amene amadya shuga natulutsa mphamvu ya magetsi yochepa kwambiri. Kachipangizo kamayeza mphamvuyo nkuonetsa nambala. Ganizo limeneli linayamba ndi Leland Clark mu 1962, ndipo lero kachipangizoko kamayendera kabatire kakang'ono ndipo kamagulidwa m'masitolo a mankhwala.

Kuti DNA nayonso ingayezedwe ndi magetsi anazindikira ndi Emil Paleček wa ku Brno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Mu 1993 Kelly Millan ndi Susan Mikkelsen a ku Canada anaonetsa kachitsulo kozindikira mndandanda umodzi wa zilembo. Mu 2003 Chunhai Fan, Kevin Plaxco ndi Alan Heeger a ku California anapanga mtundu umene uli wosavuta kuufotokoza. Amatenga kankhosi ka nyambo namangirira nsonga imodzi pa kachitsulo ka golide. Ku nsonga inayo amamata kanthu kotha kupereka ndi kulandira magetsi. Iwo anagwiritsa ntchito ferrocene, koma ambiri pambuyo pao anasankha methylene blue, utoto wobiriwira womwewo umene wopima makhololo m'labotale amathira pa galasi lake. Kankhosiko kamakhala kopindika ngati mbedza, kotero kuti utoto umayandikira golide ndipo magetsi amadutsa mosavuta. DNA ya kachirombo ikafika nkugwirana ndi nyambo, mbedzayo imawongoka nkuuma ngati ndodo, utoto umatalikira golide, ndipo mphamvu ya magetsi imatsika. Kutsikako ndiko yankho.

Ubwino wake uli poyera. Sipafunika galasi kapena nyali. Timizere ta chitsulo tingasindikizidwe pa pulasitiki tambirimbiri nthawi imodzi monga amasindikizira nyuzipepala. Choyezera magetsi chingachepe mpaka kulumikizidwa ku foni ya m'manja, ndipo mphamvu ya dzuwa ingachikwanire. Pa malo amene anaona mdima wa miyezi yambiri namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira m'mwezi wa Januwale 2022, chipangizo chosadalira nthambo za magetsi ndi chuma chenicheni.

Chikomekome cha mkuyu

Komabe akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zipangizo zambiri za mtundu umenewu zikadali m'manja mwa ofufuza a m'mayunivesite, kumene amaziyesa ndi madzi oyera okhala ndi DNA yoyeretsedwa kale. Makhololo, magazi ndi chimbudzi siziri choncho. Ziri ndi mafuta ndi zina zimene zimamatirira pa golide nkusokoneza muyeso. Kachirombo kayenera kuyamba kaswedwa kuti DNA yake ituluke, ndipo kachirombo ka chifuwa chachikulu kali ndi chikopa cholimba.

Vuto lachiwiri ndi kuchepa. M'dontho la magazi a khanda mungakhale tizirombo towerengeka, tosakwanira kusuntha muyeso wa magetsi. Choncho DNA iyenera kuchulukitsidwa kaye. Njira ya PCR, imene Kary Mullis anatulukira mu 1983, imachita zimenezi potenthetsa ndi kuziziritsa mobwerezabwereza. Njira ya LAMP, yochokera ku Japan m'chaka cha 2000, imachulukitsa pa kutentha kumodzi kwa madigiri pafupifupi 65, ndipo iri yosavuta, komabe imafuna chotenthetsera ndi mankhwala osungidwa bwino. Makina oyeza DNA ndi magetsi amene afika kale m'zipatala za maiko olemera, monga a kampani ya GenMark imene Roche inagula mu 2021, ndi aakulu ndiponso odula. Wonena kuti kachipangizo ka m'thumba kafika kale pa msika akunena za mawa ngati za lero.

Vuto lachitatu ndilo loyenera kulisunga pamtima koposa. Nyambo imayankha funso limodzi lokha, limene anaifunsa. GeneXpert imadziwa kuti chifuwa chachikulu sichimva mankhwala a rifampicin poyang'ana kachigawo ka zilembo 81. Mu 2015 ofufuza analengeza kuti ku Swaziland, dziko limene lero likutchedwa Eswatini, kunafala mtundu wa kachirombo wosamva mankhwalawo umene kusintha kwake kunali kunja kwa kachigawo kameneko. Makina ankati mankhwala agwira ntchito, chikhalirecho sakanagwira. Makinawo sananame, anangoyankha funso limene anafunsidwa. Wopima wosadziwa zimenezi amasanduka kapolo wa nambala, koma wodziwa amakaikira pamene wodwala sakuchira, natumiza zoyesa kwina.

Phunziro la malungo

Dziko la Malawi liri ndi mbiri yakeyake yoonetsa kufunika kwa kuwerenga zilembo za kachirombo. Mu 1993 linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ngati mankhwala oyamba a malungo, nkutenga SP, chifukwa tizirombo tinali titaleka kumumva. Ofufuza atapima magazi osungidwa a ku Blantyre anapeza kuti chizindikiro cha kusamva chloroquine mu DNA ya kachirombo, chimene chinali mwa 85 pa 100 iriyonse mu 1992, chinatsika kufika pa 13 m'chaka cha 2000. Mu 2007 dziko linasinthanso nkuyamba mankhwala a LA. Mu 2020 kunamveka kuti ku Rwanda kwapezeka tizirombo tokhala ndi kusintha kochedwetsa mphamvu ya artemisinin, amene ndiye msana wa LA, ndipo ku Uganda zinaonekanso chimodzimodzi.

Maikulosikopu amaona kachirombo ka malungo, koma saona ngati kamamva mankhwala. Kapimidwe kachangu ka pa chala nakonso sikaona. Koma DNA imaulula. M'dera ngati la Domasi, kumene madambo ndi minda ya mpunga zimatsikira ku nyanja ya Chilwa ndipo udzudzu susowa, chipangizo chotha kuchenjeza msanga kuti tizirombo tayamba kusintha chingapulumutse ana ambiri. Koma nyambo yake iyenera kupangidwa molingana ndi tizirombo ta kuno, ndipo odziwa tizirombo ta kuno ayenera kukhala ana a kuno.

Udindo wa mphunzitsi

Ena adzati sukulu zambiri ziribe labotale, ndipo kukamba za golide ndi DNA kwa mwana wokhala pansi nkumunyoza. Mau amenewa ali ndi choona chake, koma afika patali. Mizati iwiri ya chipangizo chimenechi iri kale m'maphunziro a MSCE. Za chibadwa ziri mu Biology, za magetsi oyenda m'madzi a mchere ziri mu Chemistry. Chimene chimasowa ndi mphunzitsi wouza ana kuti mitu iwiriyi, imene amailoweza padera pofuna kukhoza mayeso, imakumana pa chipatala.

Ndipo zambiri zingaonetsedwe popanda ndalama. Nthochi yakupsa yofinyidwa m'madzi a mchere pang'ono ndi sopo wamadzi, yosefedwa pa kansalu, nkuthiridwa spiriti wozizira pamwamba mosamala, imatulutsa timaulusi toyera tooneka ndi maso, ndipo m'menemo muli DNA. Mandimu obayidwa ndi kachidutswa ka kopa ndi msomali wokutidwa ndi zinki amasuntha singano ya choyezera magetsi. Ana makumi awiri onyamula mapepala olembedwa A, T, C ndi G angaime m'mizere iwiri nkuona okha kuti mmodzi akaima polakwika mzere sugwirana. Kusintha kwa chilembo chimodzi chotere ndiko kumayambitsa matenda a sickle cell. Mwana amene waona zimenezi sadzaopa makina a pa chipatala.

Kuopa kumeneku si kopeka. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, anthu angapo anaphedwa, ndipo ntchito za umoyo zinasokonekera. Magazi akamatengedwa nkupita kumalo kosadziwika, mphekesera imapeza pomera. Kapimidwe kochitika wodwala akuona kamachepetsa chikaiko, koma pokhapokha pakhale munthu wotha kufotokoza m'chinenero cha eni ake kuti dontholo lafunsidwa funso limodzi, ndipo siliulula za makolo a mwana kapena chinsinsi china cha banja. Pa mudzi, munthu amene amafunsidwa zoterezi kawirikawiri ndi mphunzitsi. Ntchitoyi si yachilendo pa Domasi. Sukulu ya Jeanes imene inatsegulidwa kumeneko chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 inkaphunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi akazi ao za ukhondo ndi umoyo, kuti akazifalitse m'midzi.

Kwa otsiriza sukulu

Mnyamata kapena mtsikana amene wangolemba mayeso a Fomu 4 kawirikawiri amadziwa ntchito ziwiri zokha za pa chipatala, ya dokotala ndi ya namwino. Koma kuseri kwa chitseko cha labotale kuli ntchito imene dokotala sangachite kanthu popanda iyo. Maphunziro a zopimapima amaperekedwa ku Malawi College of Health Sciences, ku Malamulo, ndi ku Kamuzu University of Health Sciences. Luso lopanga ndi kukonza makina a chipatala limaphunzitsidwa ku MUBAS mu Blantyre ndi ku MUST ku Thyolo. Chemistry ikuphunzitsidwa ku University of Malawi pa Zomba pomwepa. Makina othandiza makanda kupuma otchedwa Pumani anakhwimira m'chipatala cha Queen Elizabeth, madokotala ndi anamwino a kuno akugwira ntchito pamodzi ndi a Rice University. Chimene chinatheka pa mpweya chingathekenso pa DNA.

Akuluakulu a za umoyo nawonso ali ndi mbali yao. Chipangizo chirichonse chatsopano chiyambe chayesedwa kuno, m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala ndi m'fumbi lake, pa magazi ndi makhololo a odwala enieni, yankho lake likufanizidwa ndi la labotale yaikulu. Asanalandire makina, ngakhale a mphatso, afunse mtengo wa kapepala kalikonse, pakuti ndalama zimathera pamenepo. Katiriji imodzi ya GeneXpert inali pa madola 9.98 kuyambira 2012, ndipo inatsika kufika pa 7.97 mu 2023 mabungwe atalimbikira kudandaula kwa zaka zambiri. Afunsenso kuti makinawo akaonongeka adzakonza ndani, ndipo ali kuti. Walira mvula walira matope.

Mutu umodzi susenza denga. Koleji ya Domasi iri ndi ophunzira amene mawa adzaima patsogolo pa makalasi a sayansi m'dziko lonse. Chipatala cha St Luke's chiri ndi labotale ndi anthu odziwa ntchito yake. Sukulu ya Malosa ndi sukulu zoyendera za m'derali ziri ndi ana amene sanasankhebe njira ya moyo wao. Sipafunika thandizo la kunja kuti wopima wa pa chipatala akayankhule kwa ana a Fomu 3 kamodzi pa teremu, kapena kuti ophunzira za uphunzitsi akaone m'mene magazi a khanda amaumitsidwira ndi kumene amapita. A ku Malawi Institute of Education angaonjezere tsamba limodzi m'buku la mphunzitsi lolumikiza phunziro la chibadwa ndi la magetsi. Zipangizo zidzabwera pa nthawi yake, kaya nchaka chamawa kapena patapita zaka khumi. Kukonza anthu ozilandira kumatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo, ndipo m'mera mpoyamba.